Khasu Lisafike pa Mthunzi wa Mkuyu

Rotherham,
Lamlungu masana

Tamanda mwana wanga,

Wapita ku Sheffield kukatsanzikana ndi anzako, bambo ako agona pampando TV ikudzionera yokha, ndiye ndati ndikhale pansi ndilembe. Pakamwa sitimvana iwe ndi ine. Ndikangoyamba kulankhula umayankha kuti "Mum, I know," nkhani n'kuthera pomwepo. Pepala silidulidwa mawu. Ndalemba m'Chichewa dala, ndipo usadandaule kuti chikukuvuta kuwerenga. Ulendo wako wa mawa ndi wautali, kuyambira pa sitima ya ku Manchester mpaka ndege ikatere kwathu, nthawi yogwiragwira zilembo uli nayo yambiri.

Nkhani ukuidziwa, koma ndiibwereza kuti tisadzanamizirane. Amalume ako a Fanuwelo apeza wogula wa ku Blantyre amene akufuna manachesi a kwathu ku Mwanza. Akuti chipatso chilichonse azidzachimata kasitika kolembedwa kuti ndi nachesi lenileni la ku Mwanza, kuti ogula m'masitolo akuluakulu azidziwa kuti si la kwina. Kalabu ya alimi yagwirizana nazo, ndipo iwe ndi digiri yako ya zaulimi ya ku Newcastle ukupita kukawathandiza kulemba malamulo a kasitikako. Mpaka apa ndilibe mawu, ndikunyada. Povuta ndi apa: wogulayo akufuna zipatso zambiri kuposa zomwe mitengo ya agogo ako imabereka. Ndiye amalume ako akufuna kugwetsa mitengo ya m'mbali mwa mtsinje, mkuyu uja ndi akatope onse, adzalepo manachesi atsopano mpaka m'madzi, aikenso pampu ya injini yothirira chilimwe chonse. Malo amenewo ndi anga, anandisiyira mayi anga, ndipo palibe angaikepo nkhwangwa ndisanavomere. Andilonjeza kuti ndikavomera, pa zomwe wogulayo apereke poyambira adzafolerapo nyumba yanga ija yaima pa lintala, mvula ya chaka chino isanagwe. Yankho langa ukalinyamule iwe, poti pasipoti yanga ikadali ku ofesi ya za mapepala ndipo sindingatuluke m'dziko muno. Yankholo ndi lakuti ayi. Zotsalazi ndikulemba kuti ukadziwe poimira akakakuzungulira.

Ukayambe ndi kufunsa, mwana wanga, usakayambe ndi kuphunzitsa. Ine ndinafika kuno ndikudziona katswiri, poti ndinakulira m'munda wa zipatso. Ntchito yanga yoyamba ejensi yopezera anthu maganyu inanditumiza ku famu ina kufupi ndi Wakefield, tinkapita pa minibasi ndi amayi ena a ku Zambia ndi ku Zimbabwe. Mwini famuyo anali a Keith, mkulu wamtali wosakonda zolankhula, ndipo ankalima rubabu. Iwe umamudziwa rubabu, koma amalume ako akakafunsa ukawauze kuti ndi mbewu ya mapesi ofiira owawasa, imene azungu amaphika ndi shuga n'kumaitcha chipatso. Ndinayamba nthawi yotentha, tikuthyola wa panja. Tinkadula tsamba n'kutaya, phesi n'kuika m'bokosi. Masambawo, Tamanda, anali aakulu, ali biriwiri, onona kuposa nkhwani wa m'dimba. Mtima unandipweteka. Ndinati azungu awa sadziwa kudya, ndiwo zonsezi zikuwolera padzala ife tikugula sipinachi wa m'kapepala wodula ngati mankhwala. Lachisanu ndinadzaza chikwama, kufika kunyumba ndinatendera bwinobwino ndi chiponde, tomato wake, anyezi wake. Bambo ako anadya n'kuwonjezera, akuti koma lero tafika kwathu. Iwe unapulumuka chifukwa cha mwano, unati zikununkha, n'kukadya buledi. Ife awiri tinalandirana chitseko cha chimbudzi mpaka Lamlungu, ndi kutchalitchi komwe sitinapite. Lolemba nditawauza a Keith anati, "Mwadya masamba? Muli poizoni m'menemo. Ngakhale nkhosa zimawalambalala." Safunsa anadya phula, ine ndinadya rubabu wotendera.

Kuyambira tsiku limenelo, ndikaona chinthu chooneka chabwino chasiyidwa, ndipo ochisiyawo si anthu opusa, ndimafunsa kaye. Agogo ako aamuna sanali munthu wotaya malo. Ankadzala mpaka pachulu, mpaka kuseri kwa khola. Koma dothi lakuda la m'mbali mwa mtsinje, labwino kuposa lonse, sanalikhudzepo. Lamulo lawo linali lakuti pomwe pathera mthunzi wa mkuyu ndi akatope, khasu libwerere pomwepo. Ife ana tinkati ndi zamizimu. Sizinali zamizimu. Mtsinje wa kuseri kwa phiri anthu anaulima mpaka m'madzi, fodya ndi nzimbe, ndipo ine ndisanakwatiwe n'komwe unali utasanduka msewu wa mchenga. Amayi a kumeneko ankabwera kudzatunga kwathu mu Okutobala, ndowa pamutu, ulendo wa m'mawa wonse. Wathu sunaphwepo. Ndipo si wathu tokha, kumunsi kwa munda kuli midzi imene imamwa madzi omwewo. Pampu ikamapopa chilimwe chonse, iwowo adzamwa kasitika? Ukafika ukapemphe amalume ako akuperekeze mpaka kumunsiko, ukawafunse amayi otunga madzi kuti mwezi wotentha madzi amalekezera pati. Ukafunse zimenezo usanatsegule buku lililonse.

Chachiwiri, usamachitire chifundo chinthu chimene sunachimvetse. Rubabu amene anatchukitsa dera la a Keith lija si wa panja uja ayi, ndi wa m'shedi. Zitsa zake zimakhala m'munda zaka ziwiri osathyoledwa ngakhale phesi limodzi, zikungodya manyowa ndi zinyenyeswa za ubweya wa nkhosa zochokera ku mafakitale a nsalu. Chisanu chikafika amazizula n'kuzisiya pamtunda kuti zizizidwe, kenako amazinyamulira m'mashedi otenthetsedwa, a mdima wa ndiweyani. M'menemo zimaphuka mapesi ofewa, ofiirira, ndipo pothyola timayatsa makandulo basi, chifukwa kuwala kukachuluka mapesiwo amalimba n'kuwawa. Zonsezi ndikuzidziwa lero. Chaka choyamba ndinangoona zitsa zili mbuu ndi chisanu, zili pamtetete popanda chofunda. Kwathu chisanu cha mu Juni chikagwa m'dimba tomato amapsa, ndipo mlimi wanzeru amafunditsa mbewu zake udzu. Ndiye tsiku lina anzanga akudikira minibasi ine ndinatsalira, ndinatenga mapesi a tirigu ndi matumba akale, n'kufunditsa mzere wonse wa kumapeto kwa munda, kumene a Keith sankafikafika. Ndinakwera minibasi ndikudzimva Msamariya wachifundo. A Keith anadzazitulukira patapita masabata, tsiku lonyamula. Sanakalipe. Anangoti mzere umenewo uikidwe pawokha pakona ya shedi.

Mu Januwale anandiitana. "Bwerani kuno, Esinati. Zimitsani kandulo, mumvetsere." Tinaima mu mdimamo tili chete. Ndinamva kaphokoso uku ndi uku, thu, thu, ngati chimanga chikamayamba kuphulika m'phale. Anali mapesi akuswa zikopa zawo potuluka. Rubabu amamveka akamakula, Tamanda, si nthano. Kenako anandigwira mkono wa jekete n'kupita nane pakona paja. Panali zii. Zitsa zanga zofunda bwino zija zinatulutsa timapesi towonda ngati udzu wa tsache, zina sizinadzuke n'komwe. "Chisanu ndicho chimazidzutsa," anatero. "Mukazimana chisanu, mwazimana zonse." Ndinayatsa kandulo yanga n'kubwerera pamzere, manyazi ali thoo.

Umvetse bwino apa. Chipatso chotchuka ndi dzina la dera chimakoma chifukwa cha zomwe deralo limachichitira, zokoma ndi zowawa zomwe. Nachesi la ku Mwanza mtengo wake umadutsa m'chilimwe cha ludzu, masamba kufota ngati ukufa, mvula yoyamba ikagwa ndiye maluwa mbwee. Agogo ako ankathirira timitengo tating'ono tokha, ndi ndowa. Ikuluikulu ankangoiphimbira udzu patsinde, basi. Ine si wa digiri, mwina ndikulakwitsa, ukayeze wekha ndi zipangizo zako. Koma ndikuopa kuti mtengo womwa madzi a pampu chaka chonse udzabereka chinachesi chachikulu chonyezimira, chokoma m'maso, mkamwa madzi okhaokha. Pamenepo kasitika kadzakhala kakunena zoona za malo koma kakunama za chipatso. Anthu si opusa, amalawa.

Tsopano nkhani imene amalume ako ayenera kuimva yonse, usakadumphe. Zaka zimenezo alimi a rubabu a dera lija anayamba kupempha ku maofesi a mgwirizano wa mayiko a ku Ulaya kuti dzina lawo litetezedwe, wolima kwina asamagulitse wake ndi dzina la deralo la Yorkshire, chifukwa wochokera kunja anali atadzaza m'masitolo motchipa. Nkhaniyo inamveka, a pa TV anabwera kudzajambula makandulo athu, ine ndinaoneka chakumbuyo nditavala chipewa cha bambo ako, ukukumbuka mmene unachitira manyazi. Dzina litakwera, maoda anakweranso. Ndiye chaka china chisanu chinachita mwano. Novembala anadutsa kukugwa mvula yofunda, Disembala chimodzimodzi, zitsa zinalowa m'shedi zisanazizidwe mokwana ndipo zinabereka mwaulesi. Chisanu chenicheni chinadzafika mochedwa, oda ya sitolo yaikulu ili kutali kukwana. Mwana wa a Keith, Darren, anati tizule zitsa zazing'ono za chaka chimodzi, poti tsopano zazizidwa, tidzaze shedi yachiwiri, oda ikwane. Udziwe kuti chitsa chikalowa m'shedi sichibwereranso kumunda, chimapereka mphamvu zake zonse mu mdimamo n'kukatayidwa. Kuzula zazing'ono kunali kudya mbewu ya chaka chamawa. A Keith anakana. Anakangana pabwalo ife tikumva, shedi yachiwiri inakhala yotseka, ndipo ife a ejensi anatiuza kuti ntchito yatha nthawi yake isanakwane.

Ine ndinapsa mtima. Iwe unali ku Newcastle, lendi ikudikira, kumudzi akuimba foni. Ndinawatsatira a Keith mpaka pa thirakitala, Chingerezi changa chonse chinatuluka tsiku limenelo. Ndinati, "Inu muli ndi nyumba, muli ndi munda, mukhoza kudikira. Ife tidya kudikira kwanuko?" Iwo anazimitsa injini n'kuti, "Ndikazula zimenezo, chaka chamawa mudzabwera kudzathyola chiyani?" Ndinati chaka chamawa n'cha Mulungu, n'kutembenuka osatsanzika. Ndiko kulowa ntchito yosamalira okalamba imene ndikugwira mpaka lero, ndipo mkulu uja ndinamusungira mkwiyo chaka chathunthu.

Mlimi woyandikana nawo anachita zomwe Darren ankafuna. Oda yake inakwana, anagula galimoto yatsopano, ife tinkati uyu ndiye mwamuna. Chaka chotsatira analibe choika m'shedi, a sitolo anapita kwina, poti sitolo ilibe chibale. Lero m'mashedi mwake anthu akusungiramo makalavani, tinyumba tokokedwa ndi galimoto, m'munda mwamera chikwangwani cha ogulitsa malo. Kwa a Keith makandulo akuyakabe. Mapepala oteteza dzina la Yorkshire aja mpaka pano akuwadikirabe, ndipo akadzabwera ndidzakondwera nawo, koma adzapeza alimi achepa ndi mmodzi. Dzina silibweretsa chisanu, Tamanda, ndipo kasitika sikadzabweretsa madzi. Chimene dzina limabweretsa ndi ogula, ndipo wogula sakhuta. Chaka chino akufuna m'mbali mwa mtsinje, chaka chamawa adzafuna phiri.

Sindikudana nako kasitika, usakandinamizire. Ndili mtsikana ndinkagulitsa manachesi m'mawindo a mabasi pa Mwanza, ndipo ndinkaona anthu akutsitsa matumba ochokera kutali n'kumakuwa kuti a Mwanza, a Mwanza, ife eni ake tili pomwepo. Zinkandiwawa. Dzina lathu litetezedwe ndithu. Koma malamulo amene ukukalembawo asakangonena kumene chipatso chamera, akanenenso mmene chalimidwira. Mthunzi wa m'mbali mwa mtsinje usakhudzidwe, injini isalowe m'madzi m'chilimwe, ndipo wofuna zipatso zambiri akonze mitengo yokalamba ya kumtunda, aidulire, amezanitse, athire manyowa. Njira imeneyo ndi yochedwa, ndikudziwa. Wogula akati sangadikire, ukamuperekeze mpaka pamsewu mwaulemu.

Mawu amene ndinawalalatira a Keith ndi omwewo amalume ako akakulalatire iwe. Akati, "Mayi ako ali ku Ulaya akudya za m'firiji, ife tidya mthunzi wa mkuyu?" Akaponyanso mwambi wawo uja, wakuti fodya wako ndi amene ali pamphuno. Usakawanyoze. Achimwene anga amenewo ndi amene aika maliro onse a pamudzi ife tili kuno, ndi amene akulera ana a malemu mng'ono wanga, ndipo njala imene akunenayo si yopeka. Ine ndinaimapo pamene aima iwopo, ndikudziwa mmene pamawotchera. Ukavale chitenje, ndakuikira ziwiri m'thumba la pambali la sutikesi. Ukagwade powapatsa moni, ukadye chimene akupatse. Chingerezi ukachisiye pabwalo la ndege, makamaka ka "actually" kako kaja, kamene ndi ine ndemwe kamandiyabwa. Akakaseka Chichewa chako ukaseke nawo, chimaseketsadi. Koma kugwada si kuvomera. Akakalankhula mpaka dzuwa kupendeka, iwe ukati, "Ndamva malume, koma amayi akuti ayi." Akakabwera ndi abusa, yankho lomwelo. Akakabwera ndi wogulayo atavala tayi, n'kuyamba kukutamanda kuti ndiwe mtsikana wophunzira womvetsa bizinesi, ukachenjere kwambiri tsiku limenelo, chifukwa iwe ukayamikiridwa umafewa ngati bambo ako. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Ndipo sindikungokana chabe. Ukawauze kuti gawo langa la zokolola za mitengo yakale, limene lakhala likugula njerwa ndi simenti ya nyumba ija, atenge iwo, likhale la nazale ya mbande za manachesi ndi la ana amasiye aja.

Akwiya, zimenezo uyembekezere. Mwina sakakulankhula bwino miyezi ingapo, mwina ine sandiimbiranso foni chaka chino. Ukawasiye akwiye, mkwiyo supha munthu. Ine wanga utatha ndinakwera basi tsiku lina lopuma, ndinapita kwa a Keith ngati wodzagula rubabu. Ndinali nditakonza mawu ambiri opepesa, iwo sanandipatse mpata. Anangoti, "Mwabwera," n'kupita padzala, n'kutolapo chitsa chimodzi chotha ntchito, chofota, n'kundiikira m'jumbo. Anati nthawi zina zimadzukanso, bola osathyolako kanthu zaka ziwiri. Ndi chimene chili kuseri kwa nyumba chija, pafupi ndi mabini a zinyalala, chimene bambo ako ankafuna kuzula kuti aikepo njinga. Chaka chatha chinatulutsa timasamba tomvetsa chisoni, sindinachikhudze. Sabata ino ndaona chatumphuka mitu yofiira. Mitengo yokalamba ya agogo ako ikufuna zomwezo, munthu woleza mtima. Koma mtsinje usakauyerekeze ndi chitsa. Wa kuseri kwa phiri uja sunadzukenso mpaka lero.

Za anthu a kuno usazitengere. Lamlungu lapitali Mayi Gondwe, nesi uja wa kwaya, anandikokera pambali titatuluka m'tchalitchi. "Koma Mayi a Tamanda, mwana kumaliza yunivesite ya ku UK n'kubwerera ku khasu? Bwanji osamukakamiza nursing, ntchito zili mbwee?" Ndinawayankha kuti odwala awo akachira amafuna kudya, ndipo chakudyacho sichimera mu wadi. Anandiyang'ana ngati ndawaponda chala. Anene, pakamwa ndi pawo. Ine ndinagwira khasu la eni ake zaka zonsezo popanda wondifunsa maganizo. Iwe ukukagwira la kwanu, ndipo akakufunsa.

Zatsala za denga. Bambo ako sakugwirizana nane, usakadabwe akakuimbira foni mwamseri. Iwo akuti tavutika mokwana, tivomere, malata akwere chaka chino, tikapume. Sindikuwaimba mlandu. Nyumba ija ndimailota, Tamanda. Ndikudziwa ndi pomwe padzakhale mpando wanga pakhonde, poyang'ana kumunda. Kuzizira kwa kuno ndimadana nako lero monga ndinadana nako tsiku lofika. Maondo anga amayamba kulira masamba akangoyamba kuyoyoka, ndipo ndikaima pa siteji ya basi m'mawa, manja ali gwa, ndimadzifunsa kuti ndinalakwira yani. Amalume ako atanena za malata pafoni khadi la foni linatha ndisanawayankhe, ndipo ndikanati ndiyankhe tsiku limenelo ndikanavomera. Ndikukuuza kuti udziwe kuti ayi ameneyu sanatchipe. Koma ndikakhale pakhonde lofolera bwino, ndizikaona amayi a kumunsi akudutsa ndi ndowa kukafukula mchenga, akundipatsa moni kuti mwaswera bwanji a ku Ulaya, ine ndizikayankha kuti chiyani? Tulo sindingakatipeze m'nyumba imeneyo. Ikhale kaye choncho, mvula izilowa, abuluzi azisewera pa lintala. Njerwa zake ndi zowotcha, sizisungunuka.

Ndipo chimene ndikuopa kwambiri si amalume ako, si wogulayo, ndiwe. Ndimakudziwa. Ukakaima pakati pa makoma aja, udzu utamera m'chipinda changa, ukakumbukira maondo anga, mtima ukakugwira, n'kuvomera m'malo mwanga kuti amayi apume. Usakayerekeze. Ine ndipirira nyengo zina za chisanu kuno, kaya zingati, ndasankha ndekha maso ali gwa. Ukakandivomerera chifukwa cha chisoni ndiye kuti wandifunditsa matumba, ndipo ine si a Keith, ndidzakalipa.

Mankhwala a malungo ali m'kachikwama kofiira, usadumphe tsiku. Jekete usalisiye, Juni wa ku Mwanza amaluma. Mphatso sindikufuna, kaya ufa kaya matemba, a pabwalo la ndege amalanda. Ndikupempha chimodzi. Mu Okutobala, dzuwa likafika poswa mtengo, ukapite pa mkuyu masana, akuti masiku ano netiweki imafikapo. Ukandifulashe, ine ndidzagula khadi ndikuimbire. Ndikaimba usakalankhule zambiri. Ukatsike, ukaike foni pafupi ndi madzi, ine kuno ndidzazimitsa wailesi, ndimvetsere. Ndikadzawamva akuyenda, ndidzadziwa kuti unafika nawo onse mawu anga.

Bambo ako adzuka, akufunsa tiyi. Uyende bwino mwana wanga, Mulungu akutsogolere, ndipo khasu lisafike pa mthunzi.

Ndine mayi ako,
Esinati